Reagent ya chiral ikagonja kwa substrate: kufufuza chimene chagwetsa dr

Vutoli limabwera motere. Aldehyde yanu ili kale ndi stereocenter pa kaboni yoyandikana ndi carbonyl. Mwasankha reagent ya chiral yodziwika, imene pa ma aldehyde wamba imapereka ee (enantiomeric excess, kupitirira kwa enantiomer imodzi pa inzake) yoposa 90%. Magalasi mwaumitsa, flask mwaiziziritsa mpaka −78 °C, mwadikira maola ake. Koma NMR ya crude ikuonetsa ma diastereomer awiri, 3:1, mwinanso 1:1, ndipo nthawi zina yochulukayo ndi imene simukuifuna. Mukabwereza, nambala siikhazikika: ulendo uno 5:1, ulendo wotsatira 2:1.

Ambiri akafika apa amathamangira kuitanitsa reagent ina. Musafulumire. Zimene zimagwetsa dr (diastereomeric ratio, ratio ya ma diastereomer aja) n'zingapo ndipo n'zosiyana kotheratu, koma pa NMR zonse zimaoneka chimodzimodzi, timizere tiwiri toyandikana basi. Mwina substrate, aldehyde yanuyo, ikukanadi. Mwina aldehyde inaonongeka musanaithire n'komwe mu flask. Mwinanso chimene chikugwira ntchito mu flaskmo si reagent imene mukuiganizira. Lililonse mwa mavutowa lili ndi njira yakeyake, ndipo njira yothetsa lina imatha kukulitsa linzake.

Masamu oyenera kuchitika flask isanatsukidwe

Substrate ya chiral ikakumana ndi reagent ya chiral, iliyonse imabwera ndi zofuna zake. Substrate ili ndi mbali ya carbonyl imene imafikirika mosavuta, reagent nayo ili ndi mbali imene imakonda kulowera. Zofunazo zikagwirizana, awiriwo ndi matched. Zikasemphana, ndi mismatched. Clayton Heathcock wa ku Berkeley anaonetsa zimenezi pa aldol mu 1979 n'kuzitcha double stereodifferentiation, ndipo mu 1985 Satoru Masamune wa ku MIT ndi anzake anazikhazika m'masamu amene tonse timagwiritsa ntchito lero.

Masamuwo ndi apafupi. Mu transition state mphamvu za awiriwo zimaphatikizana kapena kuchotserana, choncho ma ratio amachulukitsana kapena kugawana. Substrate ikamakonda mbali yake 3:1, reagent n'kumakonda yake 20:1, matched imapereka pafupifupi 60:1, pomwe mismatched imapereka 20 kugawa ndi 3, pafupifupi 7:1. Substrate ikakhala ya 10:1, reagent yomweyo imangotsala ndi 2:1. Ikakhala ya 30:1, reagent yagonja, ndipo chochuluka ndi chimene substrate ikufuna.

Pano ee imanyenga maso. Munthu akamva 90% amaona ngati watsala pang'ono kufika pamapeto, koma 90% ndi 19:1 chabe. 95% ndi 39:1, ndipo 98% ndi 99:1. Pa aldehyde wamba kusiyana kwa 90% ndi 98% sikudetsa nkhawa kwenikweni. Pa aldehyde yokonda mbali yake 5:1, reagent ya 90% imakusiyani ndi dr yosafika 4:1, ya 98% imakupatsani pafupifupi 20:1. Chizolowezi chabwino n'kusandutsa ee iliyonse kukhala ratio musanayembekezere kalikonse kwa reagent.

Chitsanzo chimene chimaonetsa masamuwa bwino ndi epoxidation ya Sharpless, imene iye ndi Tsutomu Katsuki analengeza mu 1980. Pa E-allylic alcohol yochokera ku acetonide ya glyceraldehyde, Ti(OiPr)4 ndi TBHP (tert-butyl hydroperoxide) popanda tartrate zimapereka 2.3:1. Tartrate ya matched imakweza nambalayo kufika 90:1, ya mismatched imaitembenuza n'kupereka 22:1 kumbali inayo. Chulukitsani 90 ndi 22, mutenge square root: mupeza pafupifupi 44, mphamvu ya reagent. Gawani 90 ndi 22, mutenge square root: mupeza 2, mphamvu ya substrate, yoyandikana kwambiri ndi 2.3 imene inayezedwa payokha. Zikayenda chonchi mumadziwa kuti palibe chachilendo chikubisala. Ntchito yonse yofufuza vuto ndi kuona ngati nambala zanu zikukwanirana motere, ndipo ngati sizikukwanirana, zikuphonyana pati.

Kodi nambalayo ndi yoona?

Izi sizitenga nthawi. Yezani dr pa crude, osati pa zimene zatuluka mu kolamu, chifukwa kolamu ndi crystallization zimasintha ratio, ndipo kachidutswa kamene munataya kumayambiriro kapena kumapeto mwina ndi kamene kanali ndi yankho. Ngati molekyulu ili ndi Boc kapena amide, timizere tiwiri tija mwina ndi ma rotamer, molekyulu yomweyo yongozungulira mosiyana pa bond imodzi. Tenthetsani chubu cha NMR muone ngati tikuphatikizana. Kumbukiraninso kuti workup imatha kuononga zimene reaction inapanga bwino. Epoxy alcohol ikakhalitsa mu NaOH yamadzi imachita Payne rearrangement, imene imatembenuza C2, n'chifukwa chake tartrate amaichotsa ndi NaOH yosungunulira mu brine pamalo ozizira. Lithium aldolate ikafunda musanaizimitse imabwerera m'mbuyo, retro-aldol, n'kuyamba kutsata thermodynamics.

Ma flask anayi tsiku limodzi

Gawani aldehyde ya batch imodzi patatu. Gawo loyamba lipite ku enantiomer ya reagent imene mukufuna, lachiwiri ku enantiomer inzake, lachitatu ku reagent yofanana nayo koma yopanda chirality, monga allyl pinacol boronate ngati mukuchita allylboration. Flask yachinayi ikhale ya reagent yanu yomweyo ndi aldehyde wamba yokhala ndi nthambi pa kaboni ya α, monga cyclohexanecarboxaldehyde. Anthu amazemba flask yachiwiri poti chotulukamo sachifuna, amati n'kuononga aldehyde imene yawatengera masabata. Mamiligalamu ochepa ndi okwanira, ndipo flask imeneyi ndi imene imalankhula zambiri kuposa zonse.

Flask yachinayi ikapereka ee yotsika kuposa yodziwika, vuto ndi reagent kapena kagwiridwe kanu, substrate ilibe mlandu. Yachinayi ikakhala bwino, matched ya mu flask yachiwiri n'kukwera kwambiri, mismatched ya mu yoyamba n'kutsika molingana ndi masamu aja, ndiye kuti substrate ikukanadi. Koma matched ikaima pa nambala yotsika modabwitsa, mwachitsanzo 9:1 pomwe masamu akulonjeza 50:1, kayikirani aldehyde.

Chenjezo limodzi kwa ochita dihydroxylation: AD-mix-α ndi AD-mix-β si ma enantiomer enieni. (DHQ)2PHAL ndi (DHQD)2PHAL zimachokera ku dihydroquinine ndi dihydroquinidine, amene ndi ma diastereomer, ndipo mphamvu zawo sizilingana ndendende. Masamu a square root pamenepo amangopereka chithunzi chongoyerekeza.

Aldehyde imene inasintha musanaigwiritse ntchito

Apa ndi pamene anthu ambiri amasochera, tikhalapo pang'ono.

Tinene kuti aldehyde yanu ndi ya R, koma pokonza ina inatembenuka kukhala S, mwatsala ndi 95:5. Tinenenso kuti reagent yanu ndi yamphamvu zedi, nthawi zonse imapanga stereocenter yatsopano ya S. Aldehyde ya R ipereka R,S. Ya S ipereka S,S. Awiriwa ndi ma diastereomer, ndipo NMR ionetsa 19:1 ngakhale reagent sinaphonye ndi kamodzi komwe. Reagent ikanaphonya pa aldehyde ya R ikanapereka R,R, imene ndi enantiomer ya S,S, ndipo NMR wamba sisiyanitsa ziwirizi. Mwachidule, ee ya aldehyde yasanduka dr ya chotuluka. Mukhoza kusintha solvent, kusintha kuzizira, kusintha reagent, nambala osasuntha, chifukwa vuto linachitika dzulo pa oxidation.

Pa mismatched zimaipiraipira. Enantiomer yochepa ya aldehyde, S ija, ndiyo ili matched ndi reagent yanu, ndipo matched kawirikawiri imathamanga kuposa mismatched. Mukaimitsa reaction isanathe, kapena mukaika aldehyde yopitirira reagent, gawo la S mu chotuluka limaposa 5%. Ngati mu flask muli base imene ikupitiriza kutembenuza aldehyde reaction ili mkati, S imadyedwa n'kumapangidwanso kuchokera ku R, ndipo zinthu zanu zimatsetserekera kumene simukufuna.

Pali njira ziwiri zodziwira. Yosavuta ndi kutapa aldehyde pang'ono pa nthawi imene mukuithira mu reaction, kuibweza kukhala alcohol ndi NaBH4, n'kuyeza ee yake ndi HPLC kapena GC ya chiral, kapena ndi Mosher ester, poyerekeza ndi alcohol imene munayambira. Yachiwiri imagwiritsa ntchito flask yachiwiri ija. Chochuluka cha matched ndi R,R yeniyeni. Patulani diastereomer yochepa ya mismatched muziyerekeze pa kolamu ya chiral kapena pa polarimeter. Zikafanana, reagent ndiyo inaphonya. Zikakhala ma enantiomer, aldehyde ndiyo inatembenuka.

Kumene aldehyde imaonongekera n'kodziwika. Oxidation ya Swern yokhala ndi Et3N, makamaka ikafunda base isanachotsedwe. Kugwiritsa ntchito iPr2NEt ndi kuzimitsa kukadali kozizira kumathandiza. Silika ya mu kolamu. Kugona usiku mu firiji. Ma aldehyde ochokera ku Roche ester, a α-amino ndi a α-aryl ndiwo osachedwa kusintha, ndipo acetonide ya glyceraldehyde ili ndi vuto lakenso, imapanga polymer ikasungidwa, moti amaichita distillation tsiku lomwelo. Dess–Martin periodinane yothiridwa NaHCO3 kapena pyridine ndi yofatsa, ndipo aldehyde yotulukamo ndi bwino kuisefa mwachangu n'kuigwiritsa ntchito nthawi yomweyo popanda kolamu. Kwa amene zonsezi zakanika, allylation ya iridium ya Michael Krische imayambira pa alcohol: aldehyde imapangika pang'onopang'ono pa catalyst n'kudyedwa pomwepo, osapeza mpata wokhala.

Pamene reagent si imene mukuiganizira

Mismatched imachedwa. Kuchedwa kumeneku kumapereka mpata kwa njira zina zonse zimene pa aldehyde wamba sizikanaoneka n'komwe. N'chifukwa chake reagent imene inachita bwino mu flask yachinayi ikhoza kukhalabe ndi mlandu.

Yambani ndi ee ya reagentyo. Enantiomer yake yochepa ili matched ndi substrate yanu, choncho imathamanga. Tinene kuti reagent ndi ya 95:5 ndipo reaction ikuchedwa, inu n'kuonjezera kuchoka pa 1.5 equivalent kufika pa 3. Ngati enantiomer yochepayo ikudyedwa yonse, gawo lake mu chotuluka lachoka pa 7.5% kufika pa 15%. Mwaonjezera reagent, dr yatsika. Chizindikirochi chikaoneka musakayikenso kwina. Ma reagent a Herbert C. Brown ali ndi mbali inanso: boron imanyamula magulu awiri a Ipc (isopinocampheyl, ochokera ku pinene), ndiye pinene ya 95:5 ikangosakanikirana mwachisawawa, pafupifupi 9.5% ya mamolekyulu amanyamula Ipc imodzi ya uku ndi ina ya uko, ndipo amenewa sasankha mbali bwino. Crystallization ya Ipc2BH ndi imene imachotsa vutoli, ndipo wodzikonzera yekha reagent asaidumphe.

Kenako pali njira yopanda chirality imene ikuyenda m'mbali. Pa epoxidation ya Sharpless, titanium yopanda tartrate nayo imapanga epoxide, motsata zofuna za substrate. Malangizo a 1987 a 5 mol% Ti(OiPr)4, 6 mol% tartrate ndi molecular sieves ali ndi chifukwa: tartrate iyenera kupitirira titanium ndi 10 mpaka 20%, chinyezi chimapha catalyst, ndipo catalyst imafuna mphindi 20 mpaka 30 pa −20 °C kuti ipangike chomaliza chisanathiridwe. Tartrate ikachuluka kwambiri reaction imachedwanso, ndiye musaganize kuti kuonjezera kawiri n'kudziteteza. Ma allylboronate a tartrate a William Roush, amene anayamba mu 1985, amasweka ndi madzi n'kusiya allylboronic acid yopanda chirality imene nayo imalowa mu aldehyde. Sieves za 4 Å mu toluene zimaikidwa chifukwa cha zimenezi. Pa CBS (Corey–Bakshi–Shibata) reduction, borane payokha popanda catalyst ya chiral imatha kuchita reduce ketone, ndipo NaBH4 yochepa imene imaikidwa mu BH3·THF ina kuti isungike imachita chimodzimodzi. Ketone ilowe pang'onopang'ono, ndipo musadabwe kuona kuti pa CBS ya borane kuziziritsa kwambiri nthawi zina kumatsitsa ee m'malo moikweza.

Njira yodziwira zonsezi ndi kutapa reaction kangapo ikuyenda, poyamba, pakati ndi pamapeto. Dr ikayamba bwino n'kumatsika, catalyst ikufa kapena chotuluka chikubwerera m'mbuyo. Ikayamba moipa n'kumakwera, china chothamanga koma chochepa chinadyedwa koyamba, monga enantiomer yochepa ya reagent kapena ya aldehyde.

Werenganinso timizere. Pa crotylation, diastereomer yachitatu ikaoneka, vuto silili pa mbali ya aldehyde koma pa geometry ya reagent. Ma crotylborane a Brown a E ndi Z amasinthana akafunda, choncho amakonzedwa n'kugwiritsidwa ntchito pa −78 °C osasungidwa, pomwe ma crotylboronate a Roush amasungika. Pa allylborane, Brown ndi Racherla anaonetsa mu 1991 kuti mchere wa magnesium ukachotsedwa reaction imayenda mwachangu ngakhale pa −100 °C ndipo ee imakwera. Pa aldol ya Evans ya 1981, Bu2BOTf yakale ndiyo woyamba kukayikiridwa, ndipo Lewis acid yopitirira imatha kutsegula transition state n'kutulutsa anti aldol, zimene Heathcock anazisandutsa njira yochitira dala. Ndi ma thiazolidinethione a Michael Crimmins, kuchuluka kwa TiCl4 ndi amine kokha kumasankha pakati pa Evans syn ndi non-Evans syn, moti kuyeza mosasamala kumapereka zonse ziwiri.

Ndipo onani botolo. (+)-α-Pinene imapereka (−)-Ipc2BOMe. Chizindikiro chimasintha m'njira, ndipo anthu odziwa bwino ntchito amasokonezeka nacho. Jambulani transition state kuchokera ku structure, osati ku chizindikiro. N'chimodzimodzi ndi Mosher: (R)-MTPA-Cl imapereka (S)-MTPA ester chifukwa ndondomeko ya CIP imasintha chlorine ikachoka. Woiwala izi amatembenuza yankho lonse n'kuyamba kukonza reaction imene inali bwinobwino.

Mwina munalosera molakwika mbali ya matched

Felkin–Anh, njira yolosera mbali ya carbonyl imene substrate imakonda, si lamulo la nthawi zonse. Pa aldehyde ya α-methyl, E-crotyl ndi E-enolate zimakonda chotuluka cha Felkin, koma za Z zimapendekera ku anti-Felkin, chifukwa transition state ya mpando ya Zimmerman–Traxler imapewa kugundana kwa syn-pentane. Roush anafotokoza izi mu 1991. Wosazidziwa amakonza ndondomeko yonse akuganiza kuti ali pa matched pomwe ali pa mismatched. Zotsatira zake n'zakuti mwa ma stereotriad anayi a polypropionate, ya anti,anti ndiyo yovuta: imafuna E-crotyl kuti ilowe mbali imene aldehyde ikukana.

Oxygen ya pa α kapena β imasokonezanso nkhani. Chotetezera cha benzyl kapena MOM pamodzi ndi MgBr2, TiCl4 kapena SnCl4 zimapanga chelate n'kutembenuza mbali, pomwe silyl yaikulu kapena BF3 sizilola chelate. Boron ya mu transition state yotseka ili ndi malo amodzi okha, otengedwa kale ndi carbonyl, ndiye kuyembekezera chelate kwa allylborane n'kudzinamiza. Ngakhale popanda chelate, β-alkoxy ili ndi zofuna zake, 1,3-anti pa aldol ya Mukaiyama, monga David Evans anaonetsera mu 1996, ndipo zofunazo zimatha kugwirizana kapena kulimbana ndi za methyl ya pa α. Aldehyde imodzi imakhala kale ndi matched kapena mismatched m'kati mwake reagent isanafike. Flask yachitatu ija ndiyo imakuuzani mbali yeniyeni, bola mutsimikize structure. Pa 1,3-diol njira ya Scott Rychnovsky ndi yachangu: acetonide ya syn imaonetsa ma methyl pa 19 ndi 30 ppm mu 13C NMR, ya anti onse awiri pafupi ndi 25.

Nthawi zina masamu amakana ngakhale zonse zili bwino. Kuchulukitsa kuja kumadalira kuti substrate isasinthe kakhalidwe kake reagent ikasintha, ndipo reagent yaikulu imatha kukakamiza aldehyde kupindika mwa mtundu wina. Pinacol boronate si Ipc2B. Zikatero khulupirirani ma flask awiri oyamba kuposa yachitatu.

Substrate ikamakanadi

Choyamba chimene aliyense amayesa ndi kuziziritsa. Kuzizira kumangokulitsa kusiyana kumene kulipo kale. Ngati kusiyana kwa mphamvu sikusintha ndi kutentha, 5:1 ya pa 25 °C imafika pafupifupi 12:1 pa −78 °C, phindu looneka. Koma 2:1 ya pa −78 °C imangofika 2.2:1 pa −100 °C, 1:1 imakhalabe 1:1, ndipo ngati substrate ndiyo ikupambana, kuzizira kumaithandiza iyo. Kusiyana kwa 10:1 pa −78 °C ndi 0.9 kcal/mol chabe. Nkhondo yonseyi ikumenyedwa pa mphamvu yochepa chonchi, n'chifukwa chake kusintha kooneka kopanda pake, monga kuchoka ku THF kupita ku toluene, kumatha kusuntha nambala kuposa madigiri 20.

Chachiwiri, ndipo kwa ine chopindulitsa kuposa zonse, ndi kufooketsa substrate m'malo molimbitsa reagent. Kutsitsa zofuna za aldehyde kuchoka pa 8:1 kufika pa 2:1 kumakweza mismatched kanayi, mofanana ndi kupeza reagent yamphamvu kanayi, ndipo kusintha chotetezera n'kosavuta kuposa kupeza reagent yotero. Yesani TBS, TBDPS, benzyl ndi PMB pa oxygen yapafupi. Yesani acetal yozungulira m'malo mwa zotetezera ziwiri zosiyana. Flask yachitatu yokha ndi yokwanira kuyezera zimenezi, popanda kuononga reagent ya chiral.

Kusintha reagent kumabwera pambuyo pake, ndipo tsopano mukudziwa mphamvu imene mukufuna. Ngati substrate ili 6:1 ndipo mukufuna 10:1, reagent iyenera kufika 60:1, ee ya pafupifupi 97%. Ma boronate a Roush ndi osavuta kugwira ndipo pa matched amachita bwino kwambiri, koma pa ma aldehyde wamba mphamvu yawo ndi yapakatikati, ndiye pa mismatched yolimba amaperewera. A Brown ndi amphamvupo, mtengo wake n'kulimbana ndi isopinocampheol mu kolamu ndi workup ya H2O2 imene imatentha ikathiridwa mofulumira. Ma crotylsilane a James Leighton ndi ma allenylmetal a James Marshall ndi njira zina zoyenera kuyesa, ndipo oxazolidinone ya Evans, pokhala yamphamvu kwambiri pa propionate, kawirikawiri imapambana mbali zonse ziwiri. Pa acetate aldol, oxazolidinone yomweyo sichita bwino, musaitengere kumeneko.

Palinso njira yosalimbana n'komwe. Pangani matched, imene imabwera yoyera ndi yochuluka, kenako mutembenuze. Mitsunobu imatembenuza secondary alcohol yosapanikizika. Kapena ichiteni oxidize kukhala ketone n'kuibweza motsogozedwa ndi hydroxyl yapafupi: Me4NBH(OAc)3 kapena Evans–Tishchenko ya SmI2 imapereka 1,3-anti, Et2BOMe ndi NaBH4 imapereka 1,3-syn. Masamune ndi Sharpless, popanga ma L-hexose onse asanu ndi atatu mu 1983, anachita zofanana ndi izi. Anakhalabe pa ma E-allylic alcohol, pamene tartrate imalamulira bwino, ndipo theka la ma stereoisomer analipeza potembenuza dala kaboni ya α ya aldehyde ndi K2CO3 mu methanol, pomwe DIBAL inkatulutsa aldehydeyo osaitembenuza. Epimerization, kutembenuka kwa aldehyde kumene takhala tikuthawa kuja, iwo anaipatsa ntchito.

Komanso si dr iliyonse yotsika imene iyenera kukonzedwa. Ma diastereomer amapatulika, mosiyana ndi ma enantiomer. Ngati muli pa sitepe yachitatu, zoyambira zili zambiri, ndipo madontho awiriwo atalikirana pa TLC, 4:1 ndi yolandirika; mwezi wofufuza kuti ifike 15:1 sudzabweza nthawi yake. Ngati sakupatulika, yesani kupatula pa sitepe yotsatira, chifukwa acetonide, lactone kapena silyl ether kawirikawiri zimatalikitsa madontho amene anali pamodzi.

Nkhani imasintha polumikiza zidutswa ziwiri zikuluzikulu kumapeto, ketone ya chiral ndi aldehyde ya chiral, Ipc ya pa boron n'kukhala liwu lachitatu. Ian Paterson wa ku Cambridge anagwiritsa ntchito kwambiri ma aldol a Ipc, ndipo chodziwika n'chakuti amalimbikitsa bwino mbali imene zidutswazo zikupendekera kale, koma sizichitika kawirikawiri kuti agonjetse zidutswa ziwiri zogwirizana. Pamenepo chiwongolero chili pa chotetezera. Boron enolate ya methyl ketone yokhala ndi β-alkoxy ya PMB kapena benzylidene acetal imapereka 1,5-anti mwamphamvu, zimene magulu a Paterson ndi Evans anaonetsa cha m'ma 1996 ndi 1997, pomwe silyl ether pamalo omwewo imafooketsa zofunazo kwambiri. Wofuna 1,5-anti aike PMB. Wofuna kuti aldehyde kapena Ipc ilamulire aike silyl. Chisankhochi chimachitika masitepe ambiri kulumikizako kusanafike, choncho konzani ketone yaing'ono yoyerekezera ya mitundu yonse iwiri, muipititse m'ma flask anayi aja zidutswa zenizeni zisanapangidwe.